Juzi ya mapatani amitundumitundu: imalukidwa bwanji, nanga kufunda kwake kumachokera pati?

Mlamu wanga amagwira ntchito ya unamwino ku Aberdeen ku Scotland, ndiye tsiku lina wanditumizira chithunzi cha juzi yomwe anaiona mu shopu, ya timizere tamitundumitundu tokhala ndi timitanda ndi timadayamondi, mtengo wake mapaundi mazanamazana. Funso lake linali lakuti, alamu inu mumaluka, tandiuzeni, mwini shopuyu ndi wakuba kapena chiyani, popeza juzi ngati yomweyi pa kaunjika kwathu Juni akafika timangotola pamulu? Ndinamuuza kuti abwerere mu shopumo akaitembenuze aone mkati mwake, chifukwa nkhani yonse ya majuzi amenewa ili mkati, kufunda kwake, kuvuta kwake ngakhale mtengo wakewo. Yankho lija linatalika mpaka ndaona kuti ndingolilemba bwinobwino, poti si iye yekha amene zimamusokoneza.

Tembenuzani muone mkati

Majuzi okhala ndi zojambula alipo a mitundu ingapo ndipo mukawaonera patali amangofanana. Ina ndi yongodinda utoto pamwamba, mukaitembenuza mkati mwake ndi moyera kapena mtundu umodzi basi. Ina ndi yoti pali chithunzi chimodzi chachikulu, kaya galu kaya duwa, ndipo chigawo chilichonse cha mtundu chili ndi ulusi wakewake, kumbuyo mumangoona polumikizira, iyoyo oluka amaitchula kuti intarsia. Yomwe tikukamba pano ndi yachitatu, imene ambiri amaitchula kuti Fair Isle. Mukaitembenuza mumapeza timaulusi tambirimbiri togona chopingasa, mzere uliwonse, ngati kumbuyo kwa mphasa yolukidwa mothinana.

Chimene chimachitika ndi ichi. Woluka amayenda ndi maulusi awiri nthawi imodzi, tinene wofiira ndi woyera. Patani ikati masitichi atatu ofiira, amaluka ndi wofiira pomwe woyera uja ukungodutsa kumbuyo osalukidwa, ikati awiri oyera, woyera amabwera kutsogolo ndipo wofiira ndi amene amadutsa kumbuyo. Ulusi wodutsa kumbuyowo pa Chingerezi amati float, ndipo mawuwa muwasunge chifukwa tibwererako kangapo. Palibe ulusi umene umadulidwa pakati pa mzere, onse awiri amayenda limodzi mpaka mzere utazungulira.

Nanga dzina loti Fair Isle likuchokera kuti?

Fair Isle ndi kachilumba kakang'ono kumpoto kwa Scotland, pakati pa zilumba za Orkney ndi chilumba chachikulu cha Shetland, anthu ake sakwana ngakhale 100, mudzi wa kwathu ndi waukulu. Kumeneko mphepo ya panyanja siitha chaka chonse, anthu ake ndi asodzi ndi oweta nkhosa, ndiye amayi akhala akuluka zipewa ndi majuzi kuyambira kalekale. Pali nthano yomwe imakonda kunenedwa yoti mapatani amenewa anabwera ndi amalinyero a ku Spain amene chombo chawo, El Gran Grifón, chinasweka pachilumbachi mu 1588. Zoti chombocho chinasweka ndi zoona, koma zoti ndi iwo anaphunzitsa anthu kuluka akatswiri a mbiri ambiri amazikayikira, amaona kuti zojambulazi zinkayenda ndi malonda a panyanja pakati pa Shetland, Norway ndi maiko ena a mbali imeneyo.

Chimene chinatchukitsa dzinali ndi mwana wa mfumu ya ku Britain, Prince of Wales, amene pambuyo pake anadzakhala Edward VIII uja anasiya ufumu mu 1936. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 anayamba kuoneka pagulu atavala juzi ya Fair Isle, ngakhale posewera gofu, basi achinyamata olemera a ku London onse kuifuna. Zinthu za fasho sizinasinthe eti.

Fair Isle yeniyeni ili ndi mwambo wake. Pamzere umodzi pamakhala mitundu iwiri yokha, ngakhale juzi yonse ikhale ndi mitundu isanu kapena kuposa, chinsinsi chake ndi choti mitunduyo imasinthidwa mzere ndi mzere ndiye diso limaona ngati ndi yambiri nthawi imodzi. Mapatani ake amakhala m'mizere yopingasa, yaikulu yomwe imaoneka ngati zilembo O X O, kenako pakati pake timizere tating'ono totchedwa peerie, mawu a ku Shetland otanthauza kuti chaching'ono. Nkhosa za ku Shetland nazo zili ndi ubweya wa mitundu yambiri mwachibadwa, woyera, wotuwa, wakuda, wofiirira ngati dothi womwe amautcha moorit, ndiye juzi ikhoza kukhala ya mitundumitundu osaikamo utoto ngakhale dontho.

Koma si yokhayi. Ku Iceland kuli lopapeysa, ija imakhala ya mtundu umodzi thupi lonse koma patani yazungulira m'mapewa ngati mkanda waukulu, ndipo ngakhale imaoneka yachikalekale inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1900 pompa. Ku Norway kuli Marius, ya mtundu wabuluu, woyera ndi wofiira ngati mbendera yawo, yomwe mayi wina wopanga mapatani, Unn Søiland, anaitulutsa mu 1953. Zonsezi zimalukidwa ndi njira imodzi yomweyi ya ulusi wodutsa kumbuyo, ndiye m'mashopu ambiri amangozitchula zonse kuti Fair Isle, zomwe anthu a ku Shetland ena sizimawasangalatsa.

Kufunda kwake

Juzi siitentha payokha ayi, ilibe moto. Chimene imachita ndi kusunga mpweya umene thupi lanu latenthetsa kuti usathawe. Mukaona nkhuku m'mawa wa mu Julaye itadzitukumula nthenga zonse, ikuchita zomwezo, ikusunga mpweya pakati pa nthenga. Tsono juzi ya maulusi awiri ili ngati nsalu ziwiri zophatikizana, kunja kuli masitichi, mkati muli ma float aja, pakati pake mwadzaza mpweya. Komanso nsalu yake imakhala yothinana kuposa juzi wamba, mphepo siilowa mosavuta. N'chifukwa chake kalukidwe kameneka kanakula kwa asodzi a kumpoto, sikunali kongoletsa kokha.

Ubweya wa nkhosa nawo uli ndi zake. Ulusi uliwonse ndi wopotanapotana ngati tsitsi lathuli, ndiye suugona phwathalala, umasiya timipata. Umathanso kumwa chinyezi chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake koma inu osamva kunyowa, zomwe zimathandiza kwambiri pa nyengo ngati ya chiperoni, kamvula kowaza kaja ka ku Thyolo ndi ku Mulanje komwe sikanyowetsa kwenikweni koma kamalowa mpaka m'mafupa. Nkhosa za ku Iceland zili ndi ubweya wa magawo awiri, wakunja wautali wotchedwa tog umene umakana madzi, ndi wamkati wofewa wotchedwa þel umene umasunga kutentha. Pa ulusi wawo wotchedwa lopi amasakaniza onse awiri ndipo saupota kwambiri, ndiye lopapeysa imaoneka yonenepa koma mukainyamula ndi yopepuka. Kuyabwa kokha imayabwa, ndisanamize, mkati muvale malaya.

Kalukidwe kake

Majuzi amenewa ambiri amalukidwa mozungulira ngati thumba, osati chidutswa chakutsogolo ndi chakumbuyo n'kudzasoka ngati momwe ambirife tinaphunzirira kwa amayi athu. Masiku ano pali singano ziwiri zolumikizidwa ndi kawaya kofewa, kale ku Shetland ankagwiritsa ntchito singano zazitali zosongoka mbali zonse, imodzi n'kuibaya pa lamba wachikopa wa m'chiuno wodzaza ndi ubweya wa kavalo, ndiye mayi amatha kuluka akuyenda, katundu ali kumsana. Chifukwa cholukira mozungulira ndi chosavuta kumva, mbali yokongola imakhala ikuyang'ana inu nthawi zonse, mukuona patani ikukula ndipo mukalakwitsa mumaona msanga.

Patani imajambulidwa pa pepala la timabokosi ngati la masamu lija, kabokosi kamodzi ndi sitichi imodzi. Mumawerenga kuchokera pansi kupita mmwamba, komanso kuchokera kumanja kupita kumanzere, chifukwa ndi momwe manja amayendera. Ambiri amagwira ulusi umodzi ku dzanja lamanja wina ku lamanzere, ena onse awiri ku dzanja limodzi, zonse zimatheka, chachikulu ndi choti musamasinthesinthe. Apa pali kanthu komwe ambiri sauzidwa. Kumbuyo kuja ulusi umodzi umadutsa pansi pa unzake, ndipo wodutsa pansiwo masitichi ake amakula pang'ono, amaoneka kwambiri. Ndiye mtundu wa patani uzikhala wapansi nthawi zonse, kwa ogwira manja awiri ndi wa kumanzere uja. Mukasintha pakati pa ntchito palibe chimene chimasomphoka, koma juzi ikatha mudzaona mzere wina patani yazilala ngati yachapidwa kwambiri, mudzadabwa kuti chachitika n'chiyani.

Koma vuto lalikulu, lomwe limagwetsa ulesi anthu ambiri, ndi kakokedwe ka float. Mukakoka kwambiri nsalu imakwinyika ngati siketi ya lasitiki ndipo siitambasuka, mukalekerera kwambiri masitichi amakhala otayirira ndipo zala zimakodwa povala. Yanga yoyamba ndinalukira mwana wa achemwali anga, ndinali ndikumanga mano kuopa kuti zingatayirire, itatha thupi linalowa bwinobwino koma pofika m'mapewa pomwe panali patani mwana uja manja anangokhala m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, akulira kuti aunt ndivuleni. Ndinamasula milungu itatu ya ntchito usiku umodzi. Mankhwala ake ndi osavuta koma amafuna chizolowezi, musanabweretse ulusi wina kutsogolo tambasulani kaye masitichi omwe mwangoluka pa singano ya kumanja kuti akhale motakasuka, ndiye float ija imatalika molingana ndi nsalu yotambasuka. Pa mikono pomwe mzere ndi waufupi ena amaluka atatembenuza mkati kunja kuti ma float azizungulira njira yaitali.

Patani ikafuna kuti mtundu umodzi upitirire masitichi ambiri, tinene asanu ndi awiri kapena kuposa, ulusi wakumbuyo uja mumaukola pakati kuti usalendewere. Kungoti musamakole pamalo amodzimodzi mzere uliwonse, umayamba kusuzumira kutsogolo, makamaka ngati wakuda uli kumbuyo kwa woyera. Mapatani akale a Fair Isle anakonzedwa mwanzeru moti mtundu umodzi supita patali, ndiye kukolaku sikufunika kawirikawiri.

Za kusankha mitundu ndingonena chimodzi. Mitundu iwiri ikhoza kukhala yokongola pa shelefu koma mukaluka patani osaoneka, chifukwa yonse ndi yodera mofanana. Ikani mipukutu yanu pamodzi, jambulani ndi foni kenako chithunzicho muchisandutse cha black and white, ikaoneka yotuwa mofanana dziwani kuti mutaya nthawi.

Masamu pang'ono, musathawe

Musanayambe juzi mumaluka kachidutswa koyesera, ndi patani yomweyo, mozungulira momwemo, n'kukachapa n'kukayanika, kenako muwerenge kuti pa masentimita 10 pali masitichi angati. Aliyense amafuna kudumpha gawo limeneli, inenso ndinalidumpha, zotsatira zake mwazimva. Kalukidwe ka maulusi awiri kamathina kuposa ka ulusi umodzi, ndiye ambiri pofika pa patani amasintha singano n'kutenga yokulirapo pang'ono.

Tiyerekeze kuti mukufuna juzi ya masentimita 100 kuzungulira pachifuwa, ulusi ndi wopyapyala wa ku Shetland, singano ya 3 mm kapena 3.25 mm, mwapeza masitichi 28 pa masentimita 10. Ndiye kuti mukufunika masitichi 280. Koma patani yanu imabwereza pa masitichi 24 aliwonse, ndipo 24 salowa bwino mu 280, ndiye musankhe, kubwereza ka 12 komwe ndi masitichi 288 juzi n'kukhala pafupifupi masentimita 103, kapena ka 11 komwe ndi 264 juzi n'kutsika kufika pa 94. Apanso taonani kuopsa kwa kulakwitsa pang'ono, ngati manja anu akuthina n'kumapereka 30 m'malo mwa 28, masitichi 280 aja apereka masentimita 93 okha, juzi ya bambo yasanduka ya mnyamata wa Fomu 1.

Tsono za mtengo zija. Thupi la masentimita 60 pa mizere 32 pa masentimita 10 ndi mizere 192, kuchulukitsa ndi 288 ndi masitichi opitirira 55,000, mikono tisanaiwerenge. Munthu woluka masitichi 20 pa mphindi ndiye kuti maola oposa 45 pa thupi lokha, osapumira, osalakwitsa, osabisa nsonga za maulusi zomwe zimakhala mazana. Lopapeysa imathamanga chifukwa ulusi ndi wonenepa, lopi wotchedwa Léttlopi umapereka masitichi 18 pa masentimita 10 ndi singano ya 4.5 mm, ndiye chifuwa chomwecho ndi masitichi 180 basi, komanso patani ili m'mapewa mokha. Mumaluka thupi mpaka m'khwapa, mikono iwiri payokha, kenako zonse zitatu pa singano imodzi n'kumachepetsa masitichi mukukwera mpaka pakhosi. Woyamba kumene ambiri amamulangiza kuyambira pamenepa, kapena pa chipewa.

Kudula juzi ndi sizasi

Apa ndi pomwe anthu amagwira pakamwa. Ngati mwaluka thumba lozungulira mpaka m'mapewa, mikono ilowera pati, nanga juzi ya mabatani itseguka bwanji? Yankho la ku Shetland ndi ku Norway ndi loti mumaidula. Pamalo pomwe padzakhale potseguka mumaonjezerapo masitichi angapo, asanu mpaka khumi, omwe si a patani, ali ngati malo osiyira msoko kwa telala, amenewa amatchedwa steek. Mukamaliza mumatenga sizasi n'kudula pakati pake kuchokera pansi mpaka mmwamba, kenako mumatola masitichi m'mbali n'kuyamba mkono kapena mzere wa mabatani, zotsalazo mumapindira mkati.

Sizisomphoka? Nsalu yoluka imasomphoka mosavuta chotsika koma cham'mbali imakana. Komanso ubweya weniweni uli ndi timamba tosaoneka ndi maso ngati ta nsomba, timakolana tokha, ndiye ulusi wa ku Shetland ena amangodula osasoka n'komwe. Ulusi woterera ndi nkhani ina. Akiliki, uja ulusi wa pulasitiki, thonje, komanso ubweya womwe anaukonza kuti uzichapidwa pa makina, wolembedwa kuti superwash, zonsezi zilibe kukolana kuja, ndiye muyambe mwasoka mizere iwiri ndi makina osokera mbali iliyonse musanagwire sizasi. Mukadula akiliki osasoka mudzalira.

Ubweya kapena akiliki?

Ulusi wambiri umene timaupeza m'mashopu kwathu kuno timangouti wulu koma ukawerenga pa kapepala ndi akiliki, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi ngati pulasitiki. Uli ndi ubwino wake, ndi wotchipa, suyabwa, njenjete siziudya, umapirira kuchapa kwa pamwala ndipo juzi ya mwana wa sukulu imafuna zimenezo. Kuipa kwake ndi koti sumwa thukuta, ndiye masana dzuwa likatuluka mumamva ngati muli mu jumbo, komanso masitichi osalingana amakhala choncho mpaka kale pomwe a ubweya amakhazikika mukachapa koyamba. Kuzizira kwa ku Dedza, ku Mzuzu kapena pa Nyika akiliki wa maulusi awiri amakukwanitsa ndithu m'mawa ndi madzulo, koma amene ali ku Aberdeen akudikira basi mu Januwale adzamva kusiyana kwake. Ena amagula juzi yakale ya ubweya pa kaunjika n'kuimasula, ulusi n'kuunyowetsa kuti uwongoke, kenako kulukanso, zimatheka bola isakhale yoti misoko yake inadulidwa ndi makina, chifukwa iyoyo imangotuluka tizidutswa tifupitifupi.

Mkangano wa dzina ndi wa mtengo

Juzi ya pa kaunjika ija nthawi zambiri ndi ya pa fakitale, makina amaluka mphindi zochepa, ndipo mukaitembenuza mwina mupezamo ma float ndithu chifukwa makina nawo amatha, koma m'mbali muli misoko. Si yabodza pa kafundidwe, kungoti si imodzimodzi ndi ija anaona mlamu wanga. Oluka a ku Shetland ali ndi mbiri yowawa pa nkhani ya malipiro, m'zaka za m'ma 1800 amalonda ankawalipira ndi katundu wa m'shopu monga tiyi ndi nsalu m'malo mwa ndalama, mpaka boma la Britain linachita kafukufuku wa mchitidwewu mu 1872. Mu 2015 kampani ya Chanel inaonetsa majuzi ofanana kwambiri ndi a Mati Ventrillon, mayi woluka wa pa Fair Isle pomwepo, iye atadandaula kampaniyo inapepesa n'kuvomera kutchula dzina lake. Ku Iceland anapita patsogolo, kuyambira mu 2020 dzina loti lopapeysa ya ku Iceland ndi lotetezedwa ndi lamulo, iyenera kukhala yolukidwa pamanja m'dzikomo ndi ubweya wa nkhosa za komweko. Ena amati izi zikuteteza oluka, ena amati kalukidweka kanayenda m'maiko ambiri kuyambira kale ndiye palibe mwini wake, komanso pa Fair Isle pomwepo alipo amene amagwiritsa ntchito timakina ta pamanja n'kumalizitsa ndi singano, ndiye malire a mawu oti yolukidwa pamanja nawonso amakanganirana.

Ikatha, kapena mukaigula

Juzi yongochoka pa singano imaoneka yamabampu, musakhumudwe. Iviikeni m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wofewa kwa mphindi 20, osatikita, osapotokola, chifukwa madzi otentha ndi kutikita ndi zomwe zimapangitsa timamba tija kukolana mpaka juzi ya munthu wamkulu kusanduka kachiguduli kolimba, ndipo zikatero sizibwerera. Ifinyeni poikulunga mu thawulo n'kupondapo, kenako muiyale pansi pamthunzi muikonze muyezo wake ndi manja. Pa chingwe ayi, madzi amaikoka mpaka mikono kufika m'mawondo. Ku Shetland amaiveka pa chimango cha matabwa chooneka ngati munthu wotambasula manja kuti iume mowongoka, ife mphasa yoyera pakhonde imakwana. Ogasiti akatha ichapeni kaye musanaiike mu sutikesi, njenjete zimatsata thukuta ndi zakudya zotsalira pa ubweya, ndipo muipinde, pa hang'ala imatuluka nyanga m'mapewa.